Kalata pa sikirini ya pakhoma

Sitima ya ku Utrecht itachedwa, bambo wina wokumbatira laputopu anayamba kudandaulira mayi amene anamupeza pabenchi.

"Mayi, kunyumba ndimalumikiza masikirini awiri pa kabokosi kamodzi. Pa sikirini yachiwiriyo ndinasiya kalata yofunsira ntchito kukampani ina."

"Ndiye?"

"Lero pamsonkhano ndangolumikiza laputopu ku kabokosi ka mu ofesi, kalata ija mbee pa sikirini yaikulu ya pakhoma!"

"Mayo ine! Anthu akuona?"

"Anthu khumi ndi awiri. Abwana anga awerenga mpaka kumapeto."

"Basitu, ntchito yatha!"

"Ayi. Angovula magalasi n'kunena kuti, 'Inunso? Ine andiitana ku intavyu Lachinayi.'"

"Aa! Ntchito yomweyo?"

"Yomweyo, mayi. Ine andiitana Lachitatu."