Tinagwa Awiri pa Thabwa Limodzi

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1971, achitatu m'banja la ana asanu. Ine amene ndaima pano ndine mkulu wawo wopondana nawo, ndipo ndinene pamaso panu, akuluakulu, kuti chibadwire chawo mwayi unkandilambalala ine n'kukagogoda kwa iwo. Mayi athu akagula nsapato mongoyerekeza, zinkakwana iwowo.

Anamaliza pulayimale mu 1986, koma ya fizi inasowa. Ndine ndinawatengera ku zomangamanga n'kuwaphunzitsa kuyala njerwa. Posakhalitsa makapitawo ankaitana iwo, ine mphunzitsi wawo n'kumanditumiza matope. Anzawo anawatcha a Levulo, dzina la chida choyezera khoma, poti khoma lawo silinkapendama.

Mu 1996 anamanga banja ndi mayi akhala pafupi ndi bokosiwa. Mayiwa ndinayamba kuwaona ndine, akugulitsa m'golosale. Ndikadasankha mawu oti ndikalankhule, malemu anali atafunsira kale.

Pa 9 Juni 2011 tinali pa nsanja, tikumanga nyumba yosanjikizana. Thabwa limene tinkalidandaula kwa kapitawo linathyoka, tonse awiri n'kupita pansi. Iwo anagona pomwepo mpaka ambulasi inabwera. Ine ndinachita zimene amisiri timachita: ndinadzuka, n'kusasa fumbi, n'kuuza kapitawo kuti ndili bwino. M'mawa mwake ndinali pakhoma, kuopa kuti malo anga apatsa wina.

Mu 2014 khoti linalamula kampani imene tinkaigwirira ntchito kuti iwapatse malemu chipukuta misozi. Anamanga nyumba tasonkhanayi, ya zitseko zotakasuka, yopanda sitepe ngakhale imodzi, kuti njinga yawo ya olumala izidutsa bwino. Ana awo onse anaphunzira. Dandaulo langa akhoti analitaya, ati munthu amene wabwerera kuntchito m'mawa mwake sanavulale. Chonsecho msana wanga chiyambire tsiku limenelo sundilola kunyamula ngakhale ndowa ya madzi, ndipo mkazi wanga anatopa n'kuchoka.

Sindikubisani, nsanje inandidya. Ndinkabwera kudzacheza, n'kuwapeza pakhonde apa mlamu akuwakonzera pilo kumsana, akuwakankha kuti aothere dzuwa. Ndinkadziwa kuti miyendo sadzaiyendetsanso, ndinkadziwa za zilonda zimene zinkawasowetsa tulo, koma mtima wanga sunkamva zimenezo. Ululu wawo unali ndi chigamulo cha khoti, unali ndi woupepesa. Wanga anthu ankauyesa ulesi.

Mu 2022 madokotala anapeza kuti fupa langa la msana linasweka kalekale. Loya wina anavomera kudzutsa mlandu wanga, koma kampani inakana kuti ine ndinali pa thabwa lija. Kapitawo anamwalira, anzathu anabalalika. Mboni inatsala imodzi yokha, mng'ono wangayu. Sanazengereze. Anauza mlamu kuti awasitire jekete, nalikoloweka kuseri kwa chitseko, ndipo ndikabwera ankandibwerezera zimene akanene kukhoti, uku akundiseka kuti ndinadzuka msanga ngati wakuba. Mlanduwo anauimitsa kangapo, jekete lili pomwepo.

Mwezi watha impso zinayamba kuwavuta ndipo anawagoneka m'chipatala. Anatisiya pa 3 Febuluwale 2024. Mlandu wanga ukulowa Lachiwiri likubwerali. Jekete lija ndi limene tawaveka.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zitatu, alongo awiri, ndi ine. M'malo mwa banja ndithokoze madokotala ndi anamwino, amisiri anzathu amene akonza manda, aneba, ndi inu nonse amene mwatikhalira pano. Mlamu, inu ndiye mawu okuthokozani ndilibe.

Dzulo mlamu andiuza kuti malemu ali m'chipatala anasiya mawu akuti njinga yawo asaigulitse, aisungire ine, poti anamva zimene madokotala ananena za msana wanga. Zaka zonsezi ndinkaisirira. Ili pakhonde apo, yondikwana ndithu, koma wondikankha ndilibe.

Ang'ono anga, tinagwa limodzi, koma ngakhale kupuma mwayambanso ndinu. Mzimu wanu uuse mu mtendere.