Zala za Amayi M'mphepete mwa Chithunzi

Tsiku limene wojambula anafika ku komboni ya mgodi ku Mandava, kudziko la eni, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha, panali atate anga, amayi anga, atate aang'ono, ndi ine mwana wachisamba. Chithunzicho chinali chopita kumudzi ku Nyasalande.

Atate aang'ono anati, "Alamu, patukani. Mphini zanu zakumasozo zitichititsa manyazi. Ife ndife Akhristu."

Atate anangoyang'ana pansi. Amayi anapatuka, koma sanasiye dzanja langa. Anamwalira asanajambulidwepo.

Lero zidzukulu zikandifunsa kuti nkhope ya amayi anga inali yotani, ndimaloza zala zawo m'mphepete mwa chithunzi, ndipo mkwiyo umandigwira ngati zachitika dzulo. Amuna awiriwo sindinawakhululukire. Inu a wailesi amene mukujambula mawu angawa, sungani nkhaniyi, kuti amayi anga aoneke penapake.