Mpando wa Kuseri kwa Golo

Pa siteji ya basi, mkulu wina wosaona anamva munthu akumusunthira pabenchi. Fungo la oyilo linamuuza kuti ndi makanika.

"Zikomo, mwanawe. Kawayilesi kakoko kakuti chiyani?"

"Akuti kochi akagonja Loweruka, alongedze. Achoke ndithu, madala! Anthu asanu kumbuyo, kutsogolo mmodzi yekha ngati mwana wamasiye. Ndi mpira umenewo?"

"Mantha amenewo anawatengera pa ine. Ndinali goloboyi, iye akutchinga patsogolo panga. Tsiku lina timu ina inatimwetsa zigoli zisanu ndi chimodzi. Ochemerera atayamba kundigenda, iye anavula jezi yake n'kundifunditsa kumutu mpaka tinatuluka m'bwalo."

"Zakalezo sizigoletsa chigoli, madala."

"Zoona. Koma chifereni maso angawa, amandisungira mpando kuseri kwa golo. Mpira ukatha amabwera kudzandifotokozera mmene wayendera, ngakhale anthu akumutukwana. Ndimapemphera kuti asamuchotse. Nanga wobwerayo adzadziwa kuti ndine ndani?"

Makanika uja anazimitsa kawayilesi kaja. Basi ina inaima, n'kunyamuka, koma iye sanakwere.

"Loweruka mudzandidikire pompano. Ndidzakutengani, ndipo ndizidzakuuzani zonse mpira uli mkati. Kaya amuchotsa kaya ayi, tizipita. Koma ndidzakuwabe kuti achoke, musadzadabwe."

Mkulu uja anaseka, akufufuza dzanja la makanikayo mpaka analigwira.

"Udzakuwe mmene ungathere, mwanawe. Bola uzidzandiuza zoona. Kochi ujatu, adani akatimwetsa zinayi, amandiuza kuti ziwiri."