Wailesi ya malemu

Pamzere wa kwa wokonza mawailesi, bambo wina wachikulire anali atakumbatira wailesi yothimbirira. Mayi amene anali kumbuyo kwawo analephera kupirira.

"Bambo, imeneyi ndi yotaya basi."

"Itayeni inuyo, mwiniwake akudzukireni. Ndi ya malemu akazi anga. Ankavina nayo akukolopa, mdzukulu ali kumsana. Kukwaya anawachotsa chifukwa chogwedeza chiuno."

"Pepani. Ndiye mumaikonda?"

"Ine? Zaka makumi anayi ndikudandaula phokoso! Mpaka malemuwo anazula kabatani kochepetsera mawu n'kukaponya m'chimbudzi."

"Ndiye mwabwera kuti akabwezeretse?"

"Asayerekeze! Angoidzutsa ilire. Chizimireni sabata yatha, m'nyumba muli zii. Ngakhale aneba sakubweranso kudzandikalipira."