Madzi Anabwela, Ba Norbert Sanabwele

Ine, Bernadette Nsofwa, wa zaka 58, wokhala ku Chelstone, wogulitsa zovala za salaula ku City Market, ndikunena izi:

Lelo Loweluka, nthawi ya 05:20, ndinakatenga ba Norbert Mulubwa, a zaka 76, amene timapemphela nawo. Iwo anayamba kuiwalaiwala chaka chatha. Mwana wawo Tanya anawapelekeza mpaka pageti, nati, "Ba Bernadette, musawasiye kumbuyo." Ndinamuyankha kuti ine ndalela ana asanu osatayapo ngakhale mmodzi.

Ba Norbert anali ndi chola cha buluu. Chinkawalemela, ndiye ndinawanyamulila. Munali chitsulo chopindika ngati chopukusila makina osokela. Sindinafunse.

Pa Avondale tinatenga mnzathu ba Hector Mpundu. Tonse atatu anatiuza kuchipatala kuti tiziyenda m'mawa. Pa 05:50 tinafika pa ngalande yakale ya kumafamu, makilomita awili kuchoka pothela tala. Ngalandeyo ndi youma. Zaka zitatu tikuyendako sindinaonemo dontho, koma udzu ndi mapulasitiki.

Kunali nkhungu. Kanjila ka m'mbali mwa ngalande n'kopita munthu mmodzi. Ba Hector anatsogola, ine pakati, ba Norbert pambuyo. Pa kamlatho ka matabwa ba Norbert anati, "Nipaseni chola, sikisi yakwana." Ndinayesa akufuna mapilitsi. Ndinawapatsa.

Kenaka ndinayamba nkhani ya mpongozi wanga. Kulankhula ndimalankhula, bwana, sindibisa. Munthu ankandiyankha njila yonse, "Eee. Zoona. Awe mwandi." Ine ndinali wotsimikiza kuti mawuwo akuchokela kumbuyo. Tinayenda mphindi makumi awili mpaka pa bulugamu pamene timabwelela. Nditacheuka, kumbuyo kunalibe munthu.

Ndinati, "Nanga amene anali kuniyankha nindani?" Ba Hector anati, "Ndine." Mpaka pano sindikumvetsa.

Tinaitana, zii. Pa 06:30 ndinaimbila Tanya. Anati mwina apita kumsewu, chifukwa tsiku lina anakawapeza ku Kaunda Square akudikila basi yomwe inaleka kalekale. Tikadali pafoni tinamva phokoso. Mayo ine! Madzi! Ankabwela m'ngalande youma ija akukankha mapulasitiki ndi masamba. Ba Hector anavula chipewa. Mvula sinagwe kuyambila Epulo.

Ndinamuuza Tanya za madziwo. Kenaka anati bambo ake anagwila ntchito pa famu imene ngalandeyo imachokela zaka makumi awili. Ntchito yawo inali kutsekula chitseko cha damu sikisi koloko ndi kutseka seveni, ndipo chitsulo chotsekulila chimakhala pansi pa bedi lawo.

Tinatsata madziwo chokwela, kupitilila kamlatho ndi kilomita imodzi, mpaka pa mpanda wa waya. Pamene ngalande imalowela pali mpata woti munthu n'kukwawa. Pamenepo tinapeza nsapato za ba Norbert zitaikidwa bwinobwino, masokosi m'kati mwake.

Tinazungulila kugeti. Mlonda anakana kutilowetsa popanda apolisi. Anati sanaone munthu, ndipo chitseko cha damu chinachita dzimbili iye asanalembedwe ntchito. Ndinamufunsa kuti tsono madziwa akuchoka kuti. Anandiyang'ana ngati wopenga ndine. Ba Hector atsala pomwepo ndi nsapato.

Mwandifunsa ngati ndinawaona akulowa. Sindinawaone. Ndinaona nsapato ndi madzi basi. Chitsulo chija ndinawanyamulila ndine, n'kuwapatsa ndi manja angawa. Ndili ndi mantha, ndipo manyazi andigwila. Tanya ali pabenchi panjapo, sanandiyang'ane chifikile.

Chonde musakafune kumsewu, tiyeni kudamu. Tanya akuti bambo ake, ngakhale atadwala malungo, sanasiyepo chitseko chotsekula kupitilila seveni. Ba Hector andiimbila foni pompano. Ino ndi 08:15, ndipo akuti madzi akuyendabe.

Zomwe ndikudziwa n'zomwezi.

Wasaina: B. Nsofwa