Sinditsegula a Bauleni Ali Panja

Olemekezeka a Wapampando, bambo Nasoni; olemekezeka a Shehe Abdallah ndi Abusa Reinford; a Mansukh, amene mwatibwereka chipinda chino kuseri kwa sitolo yanu; amayi ndi abambo a mumsika wa Lilongwe amene mwabwera kudzaphunzira kuyanjanitsa anthu olakwirana, ndakulonjerani nonse.

Ine Sumaila ndine telala wa pakhonde, kusukulu sindinapite patali. Mwandipatsa mpando uno chifukwa ndinakhala miyezi khumi ndi inayi m'ndende pokana boma la atsamunda la Chitaganya, ndipo ulemuwo ndaulandira ndi manja awiri. Koma ndinene mosabisa, ndakwiya.

Pobwera ndapeza a Bauleni atakhala pansi pa mtengo wa mango panjapo, chipewa chili m'manja. Anabwera kudzalembetsa, inu mwawabweza pakhomo, ati kuopa kundikhumudwitsa ine. Ha! Munandifunsa?

Inde, ndi iwowo anakandinenera kupolisi chaka chatha kuti ndimasokerera makadi a chipani m'makolala a malaya. Ndikudziwa. Makina anga anapita, mayi anga anaikidwa m'manda ine kulibe. Tsiku londitenga palibe anandifunsa kanthu, anangondiponya m'lole ngati belo la fodya, ndipo kuweruzidwa osandimva kumeneko kunandiwawa kuposa zibonga zawo. Lero inu, anthu anga, mukuwachita a Bauleni zomwezo! Miyezi isanu tsopano palibe wogula makala awo, akazi awo a Evelina akafika pachitsime amayi mumanyamula ndowa n'kubalalika, ndipo ndamva kuti amanga kale katundu, Loweruka akusamuka. Akapita, ine ndidzafunsa yani? Ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere: kodi apolisi anawaopseza, kapena iwo ankangondida? Mukufuna ndife nalo?

Aphunzitsi anu akuuzani sabata ino kuti wolakwa anene ndi pakamwa pake chimene anachita, wolakwiridwa anene pamene pakumuwawa, kenaka onse agwirizane chokonza. Nanga wolakwa mukamupitikitsa, mudzaphunzirira pa yani? Pa mipandoyi?

A Nasoni, pepani, dzukani mukawatenge. Ine ndidikira, sindikuthamangira kulikonse. Mayi kumbuyoko, kung'ung'udza kwanu ndakumva, koma amene anamangidwa ndine.

Eya. Lowani, a Bauleni, khalani apa pafupi nane. Ayi, musagwade, sindine bwanamkubwa. Ndisakunamizeni, sindinakukhululukireni, ndipo sindikudziwa ngati ndidzatha. Koma nkhani yoyamba m'kalasi muno ndi ya inu ndi ine, Lolemba m'mawa, anthu onsewa akumva, ndipo mudzandiuze zoona ngakhale zikhale zowawa. Katundu uja kamasuleni.

Ndi mawu amenewa, a Wapampando, ndikulengeza kuti maphunziro oyanjanitsa anthu a mumsika muno atsegulidwa.

Zikomo kwambiri.