Makobiri Obooka a Atate Anga

Ndine mayi wamasiye wa ku Natuseko, muno mu Kabwe. Atate anga ankagwira ntchito ku njanji, ndipo anandisiyira chitini cha makobiri akale obooka pakati. Nditawajambula n'kuwaika pa intaneti, mzungu wina wakunja anawafuna. Ankandilembera tsiku lililonse, kufunsa mbiri ya khobiri lililonse, ngakhale lija amayi anandimangirira m'chiuno ndili khanda. Ana anga sanandifunsepo zimenezo.

Ku banki anati, "Amayi, musatumize katundu ndalama zisanalowe." Koma nambala ya akaunti ndinachedwa nayo dala milungu itatu kuti mzunguyo azindilemberabe.

Ndalama zinafika, sanandibere ngakhale ngwee imodzi. Makobiri ndinatumiza. Kuyambira pamenepo foni yanga ili zii.

Inu amene makolo anu akali moyo, kawafunseni za m'zitini mwawo mlendo asanawafunse.